Ba Lufeyo ndi makina amene ankameza moni

Loweruka lapitali tinali kumanda, kuvundukula mwala wa Ba Lufeyo. Mlaliki anali mlendo wochokera ku Lusaka, ndipo malemuwo sanawadziwe. Atafika pakati pa ulaliki wake anati Ba Lufeyo anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Ndinayang'ana amake Dorika, mkazi wa malemu, ndipo ndinawaona ataphimba pakamwa ndi chitenje. Anthu anayesa akulira. Ine ndawadziwa zaka zambiri mayiwa, ndipo ndinaona mmene mapewa ankagwedezekera: ankaseka. Ndiye ndati ndilembe za Ba Lufeyo enieni, anthu asanatikwiririre mdala wathu kachiwiri ndi mabodza okoma.

Ine ndine Petulo. Ndimayendetsa kavani konyamula tomato ndi makala pamsewu waukulu, ndipo ndimakhala m'mudzi wina kuseri kwa boma la Rufunsa. Zanga zithere pomwepo.

Ba Lufeyo anabwera m'mudzi mwathu tsitsi litayera kale. Moyo wawo wonse anagwira ntchito ya makompyuta ku Lusaka, kuyambira nthawi imene kompyuta imodzi inkadzaza chipinda chonse. Ankati masiku amenewo makina ankawapepeza ndi mphepo yozizira pamene anthu ankapsa ndi thukuta panja. Atapuma pantchito anatsatira akazi awo kwawo, choncho tinkawaseka kuti ndiwo mkamwini wokalamba kuposa onse m'chigawo chino. Ulimi unawakana. Ankabzala chimanga ndi chingwe ndi ndodo yoyezera, mizere yowongoka bwino, koma ankachedwa nayo mpaka anzawo atayamba kupalira. Kukhola la mbuzi ankapita atavala chikhoti choyera cha kuntchito kwawo kwakale, chimene sichinalinso choyera.

Chimene anatchuka nacho msanga n'chakuti sankapereka moni. Ukawapeza pakhonde n'kuyamba kufunsa mmene adzukira, ankakudula pakamwa: "Nkhani ni chani?" Azimayi anafika powatcha Ba Nkhani. Amake Dorika ankachita nazo manyazi, ndipo nthawi zambiri ankathamangira mlendo kuchipata kuti akam'patse moni umene amuna awo am'mana. Ba Lufeyo eni ankati moni ndi bodza limene tonse tinagwirizana kumanena. Munthu malungo akum'gwedeza, ukam'funsa amati ali bwino, ndiye wafunsiranji? Ankati ku Lusaka anthu ankachita kuima pamzere kuti apatsidwe kanthawi pa kompyuta, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kuti mawu aliwonse osagwira ntchito ndi kuba nthawi ya mnzako.

Koma musawayese munthu wouma mtima. Foni ikafa m'mudzi muno, inkapita kwa iwo. Ankaikonza uku akukalipira mwini wake chifukwa choisunga m'thumba limodzi ndi tinsomba ta kapenta, ndipo sanabwezepo munthu. Waya sankataya, ngakhale waufupi ngati chala. Mawondo akawavuta ankakwera minibasi kupita ku Chinyunyu kukaviika miyendo kumunsi kwa akasupe otentha, kumene madzi ayamba kuzizirako, ndipo pobwerera ankakhala atakangana ndi kondakitala za zenera, ndi wogulitsa nthochi za nthochi, ndi m'busa wina za Yona. Ankafika kunyumba ali wosangalala kwambiri. Mkangano unali ndiwo zawo.

Amene ankalimbana nawo mofanana mphamvu anali Ba Agnesi, mayi wa shopu ya pamsewu, wopemphera ku Pentekosite, wamawu omveka tsidya lina la msewu. Ba Agnesi ndiwo anayambitsa gulu lathu lonyamula odwala. Midzi yathu ili kutali ndi msewu wa tala, ndipo munthu akadwala mwadzidzidzi, funso loyamba silikhala la mankhwala koma la mayendedwe. Tinagwirizana anzathu a njinga zamoto ndi ine wa kavani kuti pakhale nambala imodzi imene aliyense angatumizeko uthenga, ndipo amene ali pafupi athamange. Poyamba foniyo inkakhala kwa Ba Agnesi. Koma munthu mmodzi ali ndi msika, ali ndi mapemphero, ali ndi tulo. Ba Lufeyo anawauza pamaso kuti odwala sangamadikire kuti aleluya athe, ndipo Ba Agnesi anawayankha kuti ngati akudziwa kwambiri apange okha. Anapangadi.

M'kachipinda kamene amake Dorika ankasungiramo mtedza anaikamo laputopu yakale, batire ya sola, ndi foni ya gulu yolumikizidwa ndi chingwe. Uthenga ukalowa, makinawo ankauwerenga, n'kuona ngati muli mawu a ngozi monga magazi, njoka, mimba, moto kapena kukomoka, ndipo ankautumiza kwa woyendetsa amene ali kufupi ndi mudziwo. Mtima wa makinawo unali kachigawo kamene iwo ankakatchula kuti rejekisi. Nditafunsa kuti n'chiyani, anati ndiganize za chikombole cha njerwa. Munthu umalemba chikombole cha mawu, ndipo kachigawoko kamayesa uthenga uliwonse kuti kaone mbali imene ikulowa m'chikombolecho. Dorika, mwana wawo amene nayenso amagwira za makompyuta ku Lusaka, anawauza kuti zofufuzira zoterezi zilipo kale, zoyesedwa ndi anthu ambiri, angotenga imodzi. Anakana. Anati sangapereke odwala m'manja mwa chinthu chimene iwo sanaone matumbo ake. Analemba chawochawo, mzere ndi mzere.

Miyezi yoyamba tinathamanga maulendo achabe. Munthu amalemba kuti, muli bwanji, ndamva kuti mwana anapsa ndi moto chaka chatha, ife tili bwino, makina n'kumva moto, ine n'kusiya tomato padzuwa. Ba Lufeyo anati vuto ndi moni, monga ankanenera kale. Anawonjezera chikombole china choti chiziyamba chachotsa moni: kuchokera pa mawu akuti bwanji mpaka pa bwino woyamba, zonsezo zitayidwe, zotsalazo ndizo ziwerengedwe. Pakapanda kutsala kanthu, ndiye kuti munthuyo amangopereka moni, ndipo uthenga wake uziikidwa pambali. Maulendo achabe anatha. Ngakhale Ba Agnesi anavomera kuti nkhalamba yamwanoyo mutu ili nawo.

Tsopano ndinene za mvula ya chaka chimene Veronika anataya mwana.

Ndinamva nkhaniyo mochedwa, ndipo ndinaimva moipa. Ndinaima pamsika tsiku lina, azimayi amene ndimacheza nawo masiku onse n'kundiyankha moni mozizira. Wina anandifunsa ngati tomato ndi wofunika kuposa munthu. Ndipo ndinamva kuti Veronika, mpongozi wa Ba Eliyasi a kumudzi wa kuseri kwa phiri, anayamba kutaya magazi ali ndi mimba yotopa. Ba Eliyasi anatumiza uthenga masana ku nambala ya gulu, n'kudikira. Galimoto sinabwere. Pamapeto pake anam'goneka m'ngolo ya ng'ombe kudutsa m'matope mpaka pamsewu. Veronika anapulumuka kuchipatala cha ku Mpanshya, koma mwana sanakhale moyo. Woyendetsa wa chigawo chimenecho ndinali ine, ndipo foni yanga sinalire.

Ndinapita kwa Ba Lufeyo nditapsa mtima, ndi foni m'manja. Anaiyang'ana, analowa m'kachipinda kaja, ndipo anakhalitsamo. Potuluka anali atavula magalasi. Anati uthengawo unafika bwinobwino. Makina anauwerenga, n'kuuika pa mulu wa moni. Anandipatsa kuti ndiwerenge ndekha, ndipo mpaka lero ndikhoza kuunena pamtima:

"Mwachoma bwanji ba Lufeyo na banja lonse? Ise kuno tachoma bwino, mvula ikugwa, milisi ikukula. Tikhulupirira amake Dorika miyendo yaleka kuwawa. Pepani kukuvutitsani. Mpongozi wanga Veronika mimba yamuwawa kuyambira m'mawa, manje ataya magazi maningi. Ngati motoka ili na mpata, tipempha thandizo. Mulungu akudalitseni, salani bwino."

Mawu a ngozi analimo, mimba ndi magazi omwe. Koma makina, m'malo moima pa bwino woyamba, anapitirira kumeza mpaka pa bwino womaliza, uja wotsanzikira. Anameza mvula, milisi (ndicho chimanga), miyendo ya amake Dorika, ndi Veronika yemwe. Sipanatsale kanthu koti awerenge.

Pamsonkhano wa gulu Ba Lufeyo anaimirira asanapatsidwe mpata, monga mwa chizolowezi chawo, ndipo anauza anthu kuti andisiye ine. Anati foni yanga sinalire chifukwa makina awo sanaiimbire. Sanazungulire. Ine ndinamva ngati anditula thumba la simenti, ngakhale ndinachita chisoni kuona kuti thumbalo alisenza ndi iwo.

Ba Agnesi anali ndi mankhwala ofulumira. Anati tilengeze m'matchalitchi onse ndi pamsika kuti ku nambala ya gulu anthu asamapereke moni. Alembe vuto ndi dzina la mudzi, basi. Ambiri anagwedeza mitu kuvomereza, ndipo tonse tinayang'ana Ba Lufeyo tikuyembekeza kuti lero aombera m'manja, popeza nkhondo yawo yolimbana ndi moni inali itapambana pomaliza. Koma anakana, ndipo anakana mwamphamvu kuposa mmene ndinawaonerapo.

"Ba Eliyasi sanalakwe," anatero. "Analemba monga muntu. Chinalakwa ni chintu chamene ninapanga na manja yanga. Manje mufuna nkhalamba iphunzire mwano chifukwa cha ine?"

Anapitiriza kuti lamulo lotero lidzagwira tsiku la mtendere lokha. Munthu akachita mantha amabwerera ku zimene anayamwira. Ba Eliyasi, mpongozi akutaya magazi pamphasa, sangapemphe galimoto ya mwini popanda moni, ngakhale mutalengeza ndi chimkuzamawu. Ndipo amene adzaiwale lamulolo ndi okalamba omwewo amene alibe njira ina.

Ba Agnesi sanagonje. Anafunsa kuti nanga pamene iwo akufufuza m'matumbo a makina awo, adzamezedwa wotsatira ndani? Inali nthawi ya mvula, njoka zili m'minda, ndipo azimayi oyembekezera tinkawadziwa mayina. Funso limenelo linali loona, ndipo Ba Lufeyo analivomereza. Anagwirizana kuti kufikira vutolo litapezeka, uthenga uliwonse uzipita kwa Ba Agnesi ndi kwa oyendetsa tonse, wa moni ndi wa ngozi womwe. Likapanda kupezeka pofika msonkhano wotsatira, makina azimitsidwe kapena moni uletsedwe. Mafoni athu anayamba kulira ngati anapiye. Ndinadziwa m'masiku amenewo mmene mudzi uliwonse wadzukira.

Vuto silinali losavuta kupeza, chifukwa chikombole chinali cholondola. Ba Lufeyo anandionetsa: panali kanyenyezi kotanthauza kuti tenga chilichonse, ndipo pambali pake kachizindikiro ka funso kotanthauza kuti koma utenge pang'ono, uime pamalo oyamba pamene ungaime. Zonse zinali m'malo mwake. Akalemba uthenga woyesera, makina ankaima pa bwino woyamba mwaulemu wake. Akaika wa Ba Eliyasi, ankameza wonse. Masiku amenewo mbuzi zinadyetsedwa ndi amake Dorika. Ba Lufeyo ankatuluka m'kachipindamo kudzadya basi, ndipo ankadya osakangana ndi munthu, chimene chinatiopsa tonse.

Njira imene anaitsata inali yotopetsa. Anatenga uthenga wa Ba Eliyasi n'kumauchotsa mawu amodziamodzi, kuyesa, kuchotsanso, kuyesa. Ine ndikabwera madzulo kuchokera kumsika ankandikhazika pakhonde kuti ndiziutumiza kuchokera pa foni yanga, mobwerezabwereza, ndipo ulendo uliwonse ndinkayenera kuwerenganso za Veronika. Anachotsa mvula, makina anamezabe. Anachotsa chimanga, anamezabe. Amake Dorika pobweretsa tiyi anawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iwo anayankha kuti nkhono ilibe odwala oidikira. Atachotsa miyendo ya amake Dorika ndi pepani uja, makina anaima pa bwino woyamba, foni yanga n'kulira kulira kwa ngozi. Anabwezeramo mawu ena osiyana, a utali womwewo, makina anamezanso. Pamenepo anadziwa kuti vuto si mawu ake koma kutalika kwa uthengawo.

Anatsegula zimene analemba kale ndipo anazipeza. Laputopuyo inali yofooka, choncho anapanga njira ziwiri mkati mwa chofufuziracho: ina ya mauthenga aafupi, ina yachidule ya mauthenga aatali kuti makina asamachedwe. Njira yoyamba inkayang'ana kachizindikiro ka funso kaja. Yachiwiri anailemba pambuyo pake, mofulumira, ndipo anaiwala kuiuza kuti ikayang'ane. Inkaona kanyenyezi kokha, n'kumatenga zonse mpaka pamene ingathere. Unali mzere umodzi wosowa. Ndipo sanauone nthawi yonseyo chifukwa mauthenga onse oyesera anawalemba okha, mmene iwo ankalembera: aafupi, ouma, opanda mvula kapena chimanga.

Ndinkayesa adzasangalala. M'malo mwake anatsegula mulu uja wa moni n'kuyamba kuwerenga kubwerera m'mbuyo. Anapezamo ena. Gogo wina anapempha galimoto yoti inyamule mwamuna wake amene anagwa padenga. Mkulu wa mpingo wina analemba za mwana wokomoka. Onsewo anapeza njira zina, ndipo palibe anadandaula, chifukwa anthu otere sadandaula. Achinyamata olemba kuti "mami adwala bwelani fasti" anathandizidwa onse. Amene anamezedwa anali aulemu okhaokha. Ba Lufeyo anakhala pampando manja ali pamaondo, ndipo ananena motsitsa kuti anapanga makina ofanana ndi iwo eni.

Mzerewo anaukonza tsiku lomwelo. Anachitanso chinthu china chimene sanafune kuti ndiwauze Ba Agnesi, popeza nzeruyo inali ya mayiwo: uthenga uliwonse umene makina sakuumvetsa uzipita kwa munthu, usamaikidwe pambali. Ndinawauza ndithu. Ba Agnesi anaimba nyimbo yonse ya chigonjetso pakhomo pa shopu.

M'mawa mwake Ba Lufeyo anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa Ba Eliyasi. Anavala jekete la kutchalitchi. Msewu unali woipa. Titafika anakana mpando, anakhala pa kachitsa, ndipo ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanamvepo: Ba Lufeyo akupereka moni. Anaupereka mopunthwapunthwa, ngati munthu woyenda ndi nsapato za mwini. Anafunsa za kudzuka, za ana, za ng'ombe, za munda. Ba Eliyasi anayankha chilichonse mofatsa. Kenako Ba Lufeyo anafotokoza zonse, osabisa ndi pang'ono pomwe, kuti uthenga unafika, kuti Petulo sanaulandire, ndiponso kuti cholakwacho chinali cha dzanja lawo.

Ba Eliyasi anayang'ana pansi.

"Ine nenze kuganiza kuti kapena sininapemphe bwino," anatero.

Ndinacheukira Ba Lufeyo. Ndinawaona misozi ikutsika m'mphepete mwa mphuno, ndipo sanaipukute. Ine ndinayang'ana kumunda. Veronika anali ataima pakhomo la nyumba yake, wowonda, atamva zonse. Sananene kuti wakhululuka, ndipo palibe anamuuza kuti atero. Anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Pobwerera Ba Lufeyo anati mtsikanayo wachita bwino, chifukwa chikhululuko chofulumira chikanawachititsa manyazi koposa.

Komabe sanakhulupirire kuti makina achira mpaka atayesedwa ndi eni ake a moni. Lamulungu lotsatira, Misa itatha, anasonkhanitsa nkhalamba zonse pansi pa mtengo wa pabwalo la tchalitchi. Anawapempha kuti aliyense atumize uthenga ku nambala ya gulu, ndi moni wautali umene angathe, ndipo pakati pake aikemo matenda abodza. Ine anandikhazika patali ndi foni yanga kuti ndizikweza dzanja uthenga ukafika. Sindinaonepo nkhalamba zikusangalala chotero. Munthu amene anawadula pakamwa zaka zonsezi lero akuwapempha kuti atalikitse. Gogo wina anapereka moni kwa Ba Lufeyo, kwa akazi awo, kwa mbuzi zawo imodziimodzi, kenako analumidwa ndi njoka, n'kutsanzika. Dzanja langa linakwera, anthu n'kululutira. Mdala wina anakometsa moni mpaka anaiwala kudwala, ndipo uthenga wake unapita kwa Ba Agnesi, amene anaimba foni kufunsa kuti vuto n'chiyani. Ba Eliyasi anatumiza wawo pomaliza, ndipo pamenepo panalibe woseka. Unafika.

Mauthenga onse a tsiku limenelo anawasunga, ndipo akasintha kanthu kalikonse m'makinamo ankayamba wawadutsitsa onsewo kuti aone ngati pali wina womezedwa. Dorika atabwera pa Khirisimasi anawakumbutsa kuti chofufuzira chopangidwa kale chija sichikanakhala ndi vuto limeneli. Tinayembekeza bingu. Iwo anangoti n'zoona, ndipo anam'patsa nyama yaikulu ya m'mbale mwawo. Kwa munthu ngati iwo kumeneko kunali kugwada.

Sindinena kuti anasanduka munthu wina. Anakanganabe ndi Ba Agnesi mpaka mwezi wawo womaliza, za batire, za nyimbo zaphokoso, za amene adzalowe kumwamba. Moni wawo sunafike pokoma. Ankaupereka ngati munthu akumwa mankhwala owawa, nkhope itakwinyika, koma ankaumaliza wonse, ndipo ukamayankha ankadikira. Veronika anadzabereka mwana wina patapita nthawi. Ba Lufeyo sanapite kukamuona, anati alibe nkhope yopita nayo, koma anatumiza amake Dorika ndi mbuzi yaikazi.

Chaka chatha m'nyengo yozizira, ndikukweza mabokosi a tomato m'mawa, foni yanga inalira kulira kwa gulu. Uthengawo unali wochokera kwa iwo:

"Mwauka bwanji ba Petulo na amake bana? Ine nauka bwino pang'ono. Nikhulupirira tomato ikuyenda. Pepani kukuchotsani pa nchito. Chifuwa chanigwira, mpweya ukuvuta, nifuna kukomoka. Ngati motoka ili na mpata. Salani bwino."

Ndinakwiya kwambiri. Nambala yanga anali nayo, akanangoimba. Munthu mpweya ukum'thera, ali kalikiliki kufunsa za tomato. Ndinawapeza atatsamira khoma, milomo itasintha mtundu, amake Dorika akuwamangira bulangeti. Tinawagoneka kumbuyo pa matiresi, ndipo ndinayendetsa mmene sindinayendetserepo. Titafika pa tala Ba Lufeyo anagogoda pagalasi kuti ndiime. Ndinayesa zaipa. Ndinatsika ndikuthamanga.

"Meseji yafika yonse?" anafunsa.

Ndinati yafika.

"Na pakati pamene?"

Ndinati yonse, ndi pakati pomwe, ndipo ngati sasiya kundichedwetsa ndiwasiya pamsewu. Anatseka maso akumwetulira. Anamwalira ku Mpanshya patangopita masiku ochepa. Ndimawasowa kwambiri, ndipo sindichita manyazi kunena.

Makinawo tsopano ali ku shopu ya Ba Agnesi, amene amawapukuta fumbi uku akuwanena mwini wake. Dorika anachotsamo chofufuzira cha atate ake n'kuikamo chopangidwa kale, koma asanachikhulupirire anachidutsitsa moni yense wa nkhalamba zija. Kachipinda kaja kabwerera ku mtedza. Pakhoma patsala kabowo kamene pankadutsa chingwe cha sola, ndipo mavu amangamo. Pathebulo pali malo owala amakona anayi pamene pankakhala laputopu. Mpando wa Ba Lufeyo uli pakhonde, ndipo palibe amaukhalira, osati chifukwa cha ulemu ayi, koma mwendo wina anaumanga ndi waya mwa njira yoti iwo okha ndiwo ankadziwa kukhalapo osagwa. Ndikamadutsa ndi kavani ndimachepetsabe liwiro pachipata pawo, ndipo palibe wotuluka kudzandiuza kuti injini yanga ikulira molakwika.